Mbala Yosamba M'manja ndi Mkaka

Andiberapo m'maiko asanu ndi awiri, ndipo mbala zonsezo ndinazigwira ndi manja angawa. Ina inandibera chikwama padoko, ndinakaipeza ikumeta ndevu ndi lumo langa. Ina inandisolola foni m'sitima, ndinaitsata masiteshoni anayi mpaka inachita kundipempha kuti ndilandire katundu wanga. Choncho m'mawa wa Lolemba lija, nditaima m'shedi yathu ya neti n'kuona tsabola wa nambala 41 ali mbulanda, ndinalonjeza antchito onse kuti wakubayo adya chamasana ali m'chitokosi.

Lonjezolo ndinalikwaniritsa. Ndi chimene chimandisowetsa mtendere mpaka lero.

Anthu amanditcha Pasipoti. Ndinayamba ndi kugulitsa mbewu za masamba m'timapepala pa depoti, kuphazi kulibe nsapato, koma lero malole anga akafika pachipata cha dziko lililonse asilikali amachita kuwabayibitsa. Komabe nzeru za m'shediyo sizinali zanga. Zinali za mlamu wanga, mkazi wa malemu mkulu wanga, amene antchito amangowatcha a Dokotala. Kwa zaka khumi ndi chimodzi ankakwatitsa tsabola wamkulu wa pamsika ndi katsabola kakutchire kamene sikagwidwa khate, nthenda ya kachilombo ija imene imachititsa masamba mawangamawanga n'kuwakwinya, mlimi n'kukolola misozi. Ankatenga mungu wa duwa ili n'kupaka pa duwa ilo, kudikira, kufesa, kenaka ana onse kuwapaka dala madzi a masamba odwala kuti aone amene apirire. Chaka ndi chaka onse ankagwa. Chaka chimenechi mmodzi anaima nji, wobiriwira ngati wopenta, ali ndi zipatso makumi awiri ndi zitatu zofiira psuu. Lachitatu kunkabwera atsogoleri a magulu a alimi kudzatenga njere zake kuti akachulukitse, ndipo ine ndinali nditalengeza kale pa wailesi, kawiri. A Dokotala, amene shuga anali atawalanda maso n'kuyamba kudya impso, ankangokhalira moyo tsiku limenelo.

Tsono zipatso zonse zinali zitapita.

Woyamba kumufunsa anali a Magalasi, bambo wa imvi amene wakhala akuthandiza a Dokotala chiyambire. Amayankhula ngati kuti mawu amachita kugula. Anati anakhoma shedi Loweruka masana, Lamulungu anali kunyumba ndi akazi awo, Lolemba anapeza zimene ndinkaonazo. Loko anali wosathyola. Ndinawauza kuti loko ngati ameneyo ndinaonapo mwana akumutsegula ndi waya wa sipoko. Zitseko zonse ziwiri, chakunja ndi cham'kati chotchinga tizilombo touluka, zinali zotseka bwinobwino. Mapesi a zipatso anali odulidwa ndi lumo, mopendeketsa, popanda khungwa losendeka.

Pakhomo panali beseni la mkaka wosasa, ntchentche ziwiri zitamira m'menemo.

Beseni limenelo ndi lamulo la a Dokotala. Kachilombo ka khate kamakakamira m'manja, makamaka a anthu osuta fodya, ndipo mkaka umakafooketsa. Aliyense wolowa m'shedi amayamba waviika manja mu mkaka. Loweruka lililonse beseni limatsukidwa n'kuvundikidwa. Nditafunsa kuti nanga ili lasasira chiyani, a Magalasi anapukuta magalasi awo nthawi yaitali.

"Mwina ndinaiwala kutaya," anatero.

Munthu amene pa zaka khumi ndi chimodzi sanaiwalepo ngakhale kutseka cholembera. Koma ine sindinamve, chifukwa maso anga anali kale pachipata, pamene mlonda ankamangirira kachitini kake pa njinga.

*

Mlondayo timamutcha Tochi. Ndi wamfupi, wa pakamwa posatseka, ndipo amasuta fodya ngati uvuni wa njerwa. N'chifukwa chake pa zaka zisanu ndi zinayi sanaloledwepo kuponda m'shedi. Zomera ankazionera kunja, mphuno atatsamiritsa pa neti.

Ndisanafunse n'komwe anali atayamba kale kufotokoza. Anati Lamulungu lonse anali pachipata, kupatula kanthawi kamene anapita kukagula machesi, ndi kanthawi kena kamene anakamwa tiyi kwa mlongo wake, ndi kanthawi kenanso kamene mimba inamuvuta. Ndinamuuza kuti timanthawi take tikaphatikizana tikwana tsiku lathunthu. Anaseka, n'kunena kuti bwana masamu mumawatha, n'chifukwa chake munalemera.

Ndinatsegula kachitini ka pa njinga. Pamwamba pa chakudya chake panali tsabola wofiira woluma theka, wa mapewa otakata ndi kamchira kopindika. Tsabola wooneka choncho pamsika kulibe. Ndi wa m'shedi mwathu mokha.

Kuseka kuja kunathera pomwepo.

Ndinaimbira a Sajeni, amene amadziwa kuti ndikaimba ine si za nkhuku yosowa. Tinamukweza Tochi m'galimoto mpaka kwawo, kanyumba ka zipinda ziwiri kuseri kwa malo owotcherera zitsulo. Padenga panali mbale ya tsabola yemweyo, akuuma padzuwa. Kuseri kwa nyumba, pafupi ndi chingwe choyanikapo zovala, panali zomera zisanu ndi chimodzi m'matumba akuda, zonyansa, miyendo italiitali yopanda tsamba ngati ya kakowa, masamba ali kumutu kokha. Sindinaziyang'ane kawiri. A Sajeni anakhuthulira tsabola wa m'mbale mu envulopu yaikulu n'kulembapo kuti umboni.

"Ndi wanga uyu, bwana. Ndinachita kutola."

"Unatola kuti?"

Tochi, munthu amene amayankha mafunso asanafunsidwe, anayang'ana pansi. Mkazi wake anaima pakhomo, thovu la sopo likuuma m'manja mwake. Pamene unyolo unkalira pa mikono ya mwamuna wake, ine ndinali ndikuwafotokozera a Sajeni za mbala ya padoko ija.

*

Lachiwiri m'mawa ndinapita kukawauza a Dokotala. Ndivomereze pano kuti m'chipinda chawo ndinali ndisanalowemo miyezi itatu. Ine amene ndinawolokapo nyanja m'chombo chodontha ndimaopa fungo la mankhwala. Ndinkatumiza zipatso ndi madalaivala, nkhani za kushedi ankabwera nazo ndi a Magalasi.

Makatani anali otseka, ngakhale kwa iwo zinali chimodzimodzi. Anali atachepa pabedipo moti bulangete linkaoneka ngati langoiwalidwa losapinda. Patebulo panali mabotolo a mankhwala ndi kabuku kawo ka manambala a zomera, kamene sakanathanso kuwerenga koma sankalola kuti kachoke.

Ndinakweza mawu monga mwa chizolowezi changa. Ndinati tabedwa koma mbala yagwidwa tsiku lomwelo, njere zili m'manja mwa boma, Lachitatu liyenda monga tinapangana. Ndinawapatsa kanthambi kamene ndinathyola pa 41 kuti amve okha mmene wakubayo anadulira. Anayendetsa chala pa chilondacho pang'onopang'ono. Anafunsa za zitseko, ndinawauza. Anafunsa za beseni, ndinawauzanso, ndikuseka.

Iwo sanaseke.

"Alamu, mbala yanuyo inasamba m'manja. Inabwera ndi mkaka wake, inaviika manja, inadula bwino, inatseka zitseko ziwiri potuluka. Ameneyo sanafune kuti chomera chidwale. Munaonapo wakuba wotero m'maiko anu aja?"

Ndinati mbala za masiku ano n'zophunzira. Ndipo pofuna kuwasangalatsa ndinawauza kuti asadandaule, chomeracho chili bwinobwino, chiberekanso. Ndinati chibadwire sichinatayepo tsamba ngakhale limodzi, kuyambira apansi penipeni amene a Magalasi anaboola kachizindikiro popaka, onse alipo, osalala ngati tsaya la khanda, opanda ngakhale kadontho. Ndinatulutsa foni kuti ndiwaonetse zithunzi, kenaka ndinakumbukira n'kuibweza m'thumba.

Anayendetsanso chala pa kanthambi kaja.

"Apansi alipo?"

"Onse."

Anatembenuzira nkhope kukhoma. Poyankhula, mawu awo anali a mphunzitsi amene watopa ndi kalasi. Anati chomera chopirira khate sichikhala chokongola. Kachilombo kakalowa pa tsamba, chomeracho chimapha chokha kamalo kameneko, pamatuluka timadontho takuda ngati popsa ndi ndudu, kenaka chimayoyola tsamba lonselo kuti nthenda isakwere. Chimatsala ndi miyendo yambulanda. Ndiko kupambana kwake.

"Msilikali akabwera kunkhondo wopanda chipsera, alamu, muzimufunsa kumene anabisala. Ndipo mukuti chomera, chomera. A Magalasi anandiuza kuchipatala kuti zinalipo zisanu ndi chimodzi."

Zisanu ndi chimodzi. Miyendo yambulanda. Ndinaimirira n'kutuluka.

*

A Magalasi ndinawapeza m'kachipinda ka kuseri kwa shedi akutsuka kamtondo kosinjiramo masamba odwala. Maso awo anali ofiira ngati a munthu amene sanagone. Sindinawafunse za Lamulungu. Ndinangofunsa kuti 41 ndi ndani.

Anaika kamtondoko pansi mosamala.

"Ndi mboni, bwana."

Anafotokoza, ndipo aka kanali koyamba kuwamva akuyankhula mawu ambiri chonchi. Pa gulu lililonse loyesedwa amasiyapo chomera chimodzi cha mbewu yakale, imene akudziwa kuti imadwala, n'kuchipaka madzi okhaokha opanda kachilombo. Chimenecho amachitcha mboni. Ntchito yake ndi kuima pambali kuti aziyerekeza nacho zinzake. Sichidwala chifukwa sichinakumanepo ndi nthenda. Chikapita kumunda chimagwa sabata yachitatu.

Miyezi itatu yapitayo, iwo anati, zomera zisanu ndi chimodzi zinatulutsa timadontho takuda n'kuyoyola masamba. Atangoona anasiya zonse n'kuthamangira kuchipatala kumene a Dokotala anagonekedwa, ndipo anakhalako masiku awiri chifukwa kunkafunika wopereka magazi. A Dokotala, amene anali atasiya kudya, tsiku limenelo anapempha chakudya.

"Masiku awiri amenewo ndi amene munali ndi alendo anu akunja."

Ndinakumbukira. Ndinalowa m'shedi m'mawa alendowo asanafike, ndinayang'ana mizere ya zomera zokwinyika ndi zothothoka, ndinati malo ano akuoneka ngati wodi ya odwala, alendo anga sangaone zimenezi. Ndinanyamula ndekha matumba onse onyansa n'kuwaunjika panja, ndinauza Tochi kuti awotche. Ndinasiya chimodzi chokongola pakati, ndipo ndinajambulitsa nacho nditavala suti yoyera.

"Munalekeranji kundiuza?"

"Inu mumamva, bwana?" Sanakweze mawu. "Nditabwerako ndinafunsa Tochi, anati anawotcha zonse. Inu munali kale pa wailesi. Mayi anali atayamba kukhala tsonga. Ndikanayambira kwa ndani? Ndinati ndinena mawa. Mawa linakhala miyezi itatu."

Anatsegula kabati. M'kathumba ka pepala munali zipatso makumi awiri ndi zitatu, zosanjidwa bwino ngati mazira. Anati zikanapita kwa alimi, chaka chamawa minda yonse ikanakhala khate lokhalokha, ndipo dzina lolembedwa pa paketi likanakhala la a Dokotala. Za mkaka anati sanaganize n'komwe, manja anachita okha. Kenaka anatulutsa m'thumba la malaya kalata yopita kwa a Sajeni, yopindidwa ndi kufunyululidwa mpaka kung'ambika m'makona. Anailemba Lolemba masana atamva kuti Tochi wamangidwa. Anafika nayo kawiri pachipata cha polisi n'kubwerera.

Ndinalibe mphamvu zowakalipira. Ndinangowauza kuti kuseri kwa nyumba ya Tochi kuli zomera zisanu ndi chimodzi m'matumba akuda, za miyendo ya kakowa.

A Magalasi anavula magalasi. Kenaka anathamangira kugalimoto, munthu amene ndinali ndisanamuonepo akufulumira.

*

Tinayamba kutsokomola tisanakhote pa malo owotcherera zitsulo paja. Fungo la tsabola wopsa linali lidakali m'mpanda monse.

Mkazi wa Tochi anali pa mpando pakhomo, manja ali pamiyendo. Sanatipatse moni. Kuseri, pafupi ndi chingwe cha zovala, panali mulu wa phulusa ndi matumba akuda osungunuka.

"Tsabola wandimangitsira mwamuna," anatero. "Ndimusungirenji? Ndinamuuza ine kuti za mabwana sazitola, ngakhale zotaya. Iye ati n'zachisoni, zikufuna kukhala moyo. Ankazithirira madzi osamba ake. Ndazula dzulo lomwelo, ndathira parafini. Mwabwera kudzatenga chiyaninso? Mpandowu?"

A Magalasi anagwada paphulusapo n'kuyamba kufukula ndi zala. Anapeza tsinde lakuda limene linafumbutuka atangoligwira. Anapeza kachikwangwani koyera kopindika ndi moto, nambala ikuonekabe, 58, yolembedwa ndi dzanja lawo lomwe. Anakagwira m'manja awiri ngati kambalame kakufa.

Ine, amene ndinayankhulapo pamaso pa anthu zikwi ziwiri popanda pepala, ndinatsegula pakamwa kuti ndipepese mayiyo ndipo panatuluka chifuwa chokha.

"Njere zake zili mu envulopu ija," anatero a Magalasi ali chigwadire.

*

Ku polisi tinafika nthawi ya chamasana itangotha. A Sajeni anali pa desiki, kolala yomasula, thukuta lili kamukamu pamphumi, akupemerera pakamwa ndi faelo. Anatilandira mwansangala. Anati bwana Pasipoti, tsabola wanu uja ndi mfuti, anyamata onse pano akulira.

Envulopu inali pambali pa mbale yawo, yotsegula.

Anati musadabwe, umboni wowola sausunga nthawi yaitali, komanso anasiyako wokwanira kuonetsa kukhoti. Ena anadya dzulo, ena anatengako kunyumba. Anaipendeketsa envulopuyo pa desiki. Munagwa tsabola atatu, ofota, mmodzi wolumidwa kumchira.

Zaka khumi ndi chimodzi zinagubuduka pa desikipo n'kukaima pafupi ndi chidindo.

Ndinawauza kuti mlandu ndauthetsa, panalibe kuba, katundu wapezeka m'kabati momwe anasungidwa. A Magalasi anafuna kutulutsa kalata yawo, ndinawaponda phazi. A Sajeni anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anatumiza wapolisi kukatsegula chitokosi. Nditatambasula dzanja kuti nditole atatuwo, anaika faelo pamwamba pake. Anati ngati palibe mlandu ndiye kuti palibe umboni, ndipo katundu amabwerera kwa amene anamulanda.

Tochi anatuluka atagwira thalauza ndi dzanja limodzi poti lamba anali asanamubwezere. Usiku umodzi wokha unali utamukalambitsa. Sananene nthabwala. A Magalasi anamufotokozera zonse motsitsa mawu, za mboni, za timadontho takuda, za phulusa la kuseri kwa nyumba yake. Pa za phulusazo anatsinzina.

Ndinamufunsa chimene sananenere kuti anatola pa mulu wowotcha.

"Munati wotulutsa kanthu pachipata, ngakhale udzu, ntchito yatha. Ndinaona kuti kuchitokosi amatulukako, koma ntchito ikatha yatha."

Anasainira katundu wake, lamba, machesi ndi envulopu. Anasuzumiramo. Anafunsa a Magalasi kuti m'tsabola mmodzi mumakhala njere zingati, iwo anati mwina makumi anayi, zikakhala zokhwima. Anafunsa kuti zimere, zipakidwe, zioneke ngati zapirira, pamafunika nthawi yaitali bwanji. Iwo anati masabata asanu ndi awiri kuti timadontho tioneke. Tonse atatu tinkadziwa zimene achipatala ananena za a Dokotala, ndipo sanatchule masabata ochuluka choncho.

Panja dzuwa linali lophimbika, fumbi likuuluka mumsewu. Ndinamuuza Tochi kuti ndimukweza pantchito, ndimumangira nyumba, atchule chilichonse. Ndinati andipatse envulopuyo ndiisunge m'galimoto, muli kozizira. Ndinatambasulanso dzanja.

Iye anabweza envulopu pachifuwa. Anayang'ana dzanja langalo, mphete zake ziwiri ndi wotchi imene ndinagula pa bwalo la ndege lalikulu kuposa onse amene ndinapondapo.

"Zaka zisanu ndi zinayi ndakhala ndikuonera pa neti, bwana. Sagwira chonchi. Mwasamba?"

Anati akapereka yekha m'manja mwa a Dokotala, awerenge okha njerezo ndi zala. Anakana galimoto. Ananyamuka wapansi, a Magalasi ali pambuyo pake ngati operekeza maliro, envulopu ili m'kati mwa malaya.

Ndinatsala ndekha pamsewu ndi makiyi m'manja. Mawa lake kunkabwera atsogoleri a alimi, ndipo ndinayenera kubwerera pa wailesi kachitatu kukameza mawu anga. Koma choyamba ndinawoloka msewu n'kulowa m'kagolosale ka patsidya. Ndinaima pamzere kumbuyo kwa mayi wogula sopo, ine Pasipoti, ndipo palibe anandizindikira. Itafika nthawi yanga ndinapempha mkaka. Wogulitsa anafunsa ngati ndikufuna paketi yaing'ono kapena yaikulu.

Ndinayang'ana manja anga, kuseri ndi kutsogolo.

Ndinati yaikulu.